Kumudikira Mwana Kapena Kumusiyitsa Thewera M'masiku Atatu?

Mwana akayamba kuthamanga m'nyumba, kukwera pamipando ndi kuyankha kuti "ayi" pa chilichonse, thewera limayamba kutopetsa. Iye alibe nalo vuto. Otopa ndife ochapa, osintha ndi ogula. Ndiye malangizo amachokera uku ndi uku. Wina akuti musamukakamize, adzasiya yekha. Wina akuti mutsekereni m'nyumba masiku atatu basi, nkhani yatha. Ine ndalera ana awiri, woyamba ndinamudikira, wachiwiri ndinamufulumiza, ndipo ndikufuna ndikuuzeni makolo anzanga zimene ndinaona mbali zonse ziwiri.

Njira yodikira mwana inatchuka chifukwa cha dokotala wa ana wa ku America, T. Berry Brazelton. Mu 1962 iye analemba zimene anaona pa ana 1,170 amene ankawasamalira. Malangizo ake anali akuti mwana akafika miyezi 18 kapena kupitirirapo, mumuonetse kachimbudzi kake kapulasitiki, kamene ambiri timangoti poti. Poyamba azikhalapo atavala, ngati kampando wamba. Akazolowera, azikhalapo atavula thewera. Kenako akabiba m'thewera, mutaye zimenezo m'poti iye akuona, kuti adziwe ntchito yake. Akakana pa sitepe iliyonse, mumaleka kaye n'kudzayesanso pakapita masabata. Ana amene Brazelton anawatsatira ankasiya kudzinyowetsa masana ali ndi miyezi pafupifupi 28.

Ubwino wa njirayi ndi mtendere. Mwana wanga woyamba sanalirirepo poti ngakhale tsiku limodzi. Ankaikoka kupita nayo kumene akusewera, kukhazikapo zidole zake, ndipo tsiku limene anakodzeramo koyamba anabwera yekha kudzandigwira dzanja kuti ndikaone. Koma zinatenga miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pakati pake panali masabata amene sankafuna n'kuiona komwe. Choipa china chimene anthu satchula kawirikawiri n'chakuti kudikira kumasanduka kuiwala. Matewera otaya a masiku ano amamwa mkodzo wonse, mwana samva kunyowa, ndiye alibe chomukakamiza kusintha. Inu mukudikira chizindikiro, iyenso sakuona cholakwika, miyezi n'kumangopita. Brazelton sananene kuti tikhale manja lende. Ananena kuti tizimutsogolera mwanayo pang'onopang'ono, ndipo kutsogolerako ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Njira yofulumira inachokera kwa akatswiri awiri a maganizo ndi khalidwe, Nathan Azrin ndi Richard Foxx. Anayamba nayo mu 1971 pophunzitsa anthu akuluakulu olumala ubongo amene ankasungidwa m'chipatala, kenako mu 1973 anaiyesa pa ana 34, ndipo anawo anaphunzira m'maola pafupifupi 4. Njira za "masiku atatu" zimene zafala pa intaneti zinatengera zambiri kumeneku. Mumachotsa thewera m'mawa, mwana mumam'patsa zakumwa zambiri kuti mkodzo uzibwera pafupipafupi, mumamukumbutsa poti mphindi zochepa zilizonse, mumamufunsa ngati panti wake ali wouma, ndipo akachita bwino mumamuyamikira kwambiri. M'njira yoyambirira ija munalinso chidole chokodza choti mwana aziphunzitsa, komanso lamulo loti akadzinyowetsa ayende maulendo angapo kuchokera pamene wakodzerapo kukafika pa poti.

Lamulo lomalizali ine ndinalikana. Mwana wa zaka ziwiri amene wangodzikodzera amakhala kale ndi manyazi, ndipo kumuyendetsa uku ndi uku akulira kumamuphunzitsa kuopa poti. Zina zonsezo ndinazitsatira pa mwana wachiwiri, ali ndi miyezi 30. Tsiku loyamba ndinakolopa kosawerengeka. Tsiku lachiwiri masana anaima chilili pakati pa masewera, kuyang'ana pansi, n'kuthamangira poti mkodzo utayamba kale kutsika. Pofika tsiku lachinayi ankanena yekha. Komabe musanyengeke ndi maola 4 aja. Amene ankaphunzitsa ana pa kafukufukuyo anali anthu ophunzitsidwa ntchitoyo, opanda mphika pamoto, opanda khanda kumsana, opanda foni yoitana. Njirayi imafuna munthu wamkulu mmodzi amene maso ake sachoka pa mwana kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ngati m'nyumba mulibe munthu wotero kwa masiku atatu otsatizana, musaiyambe, chifukwa kuyamba n'kusiyira panjira kumasokoneza mwana kuposa kusayamba.

Pali chimene njira zonsezi sizingasinthe, ndicho thupi la mwanayo. Kuti athe kugwira mkodzo, chikhodzodzo chiyenera kukula, ndipo ubongo uyenera kumva uthenga woti chadzaza nthawi isanathe. Kafukufuku wina wa mu 2003 wochitidwa ku Philadelphia pa ana oposa 300 anapeza kuti kuyamba kuphunzitsa mwamphamvu mwana asanakwane miyezi 27 sikunapindulitse kwenikweni, kunangotalikitsa nthawi yophunzitsayo. Choncho musanasankhe njira, muoneni mwanayo. Kodi thewera limakhala louma maola awiri, kapena akadzuka tulo ta masana? Kodi amabisala kuseri kwa chitseko akafuna kubiba? Amatha kutsitsa kabudula yekha, kukhala pansi ndi kudzuka, ndi kumvera mukamutuma kanthu kakang'ono? Zimenezi zikaoneka, njira iliyonse imagwira. Zikapanda kuoneka, yofulumira ija ndi imene imabweretsa misozi yambiri.

Nkhani imene inandivutitsa kwambiri, ndipo ndikufuna muimvetsetse, si mkodzo ayi koma chimbudzi. Dokotala wina wa ana, Bruce Taubman, analemba mu 1997 kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa asanu alionse amakodza bwino pa poti koma amakana kubibapo. Wanga wachiwiri anali mmodzi wa amenewo. Ankagwira masiku awiri, atatu, akuyenda monyang'ama atapanikiza miyendo. Chimbudzi chikakhalitsa m'matumbo chimauma chifukwa thupi limamwa madzi ake, ndiye potuluka chimapweteka, mwana amaopa, n'kugwiranso nthawi yaitali kuposa poyamba. Matumbo odzazawo amakanikiza chikhodzodzo, mwana amene anasiya kudzikodzera n'kuyambiranso. Apa njira yodikira ndi imene inatipulumutsa. Akapempha thewera kuti abibe, ndinkamuveka osamunyoza, koma tinkapita naye kuchimbudzi kuti akachitire komweko. Patapita masabata anayamba kukhala pa poti atavala theweralo, kenako tinalimasula. Madzi akumwa okwanira, zipatso ndi masamba zinathandiza kufewetsa m'mimba. Mwana wodzimbidwa musamuyambitse njira ya masiku atatu. Thanani kaye ndi kudzimbidwako, ndipo kukapitirira, kapena mukaona magazi, pitani naye kuchipatala.

Pamenepa m'pamenenso poti imaposa kampando koika pamwamba pa chimbudzi cha akuluakulu. Pa poti mapazi amaponda pansi, mawondo amakwera kupitirira chiuno, ndipo mwana amakankha mosavuta. Pa chimbudzi chachikulu miyendo imalendewera, iye amalimbitsa thupi poopa kugweramo, pomwe kuti chimbudzi chituluke pamafunika kumasuka. Kampando kaja ubwino wake ndi woti simutaya kapena kutsuka kanthu, ndipo mwana sadzafunika kuzoloweranso chimbudzi china. Mukasankha kameneko, muikireni chopondapo. Mukasankha poti, zam'katimo zizitayidwa m'chimbudzi nthawi yomweyo, poti itsukidwe, inu ndi mwana musambe m'manja ndi sopo. Chimbudzi cha mwana chimafalitsa matenda otsekula m'mimba ngati cha munthu wamkulu, ngakhale ambiri timachiona ngati chosaopsa. Mwana wamkazi muzimupukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kuti tizilombo tisalowe njira ya mkodzo.

Za matewera okoka ngati panti sindichulutsa. Paulendo ndi pogona amathandiza. Masana pakhomo sasiyana ndi thewera wamba, ndipo mwana amadziwa. Panti wa nsalu amanyowa, mwana n'kumva, ndipo kumvako ndi kumene kumamuphunzitsa.

Mukandifunsa kuti ndingasankhe iti nditapatsidwa mwana wachitatu, ndingayambe ngati Brazelton n'kumaliza ngati Azrin ndi Foxx. Poti ikhale m'nyumba msanga, aizolowere popanda womuumiriza, ndipo zizindikiro zija zikakwana ndipatule masiku atatu ochotsa thewera masana kotheratu. Mwana wamakani, amene mukati kumanja iye amalowera kumanzere, musalimbane naye. Pa nkhani ya kudya, kugona ndi kubiba, mwana akakana simungamuchitire, ndiye ameneyo njira yodekha ndiyo yake. Mwana wofatsa amene amakonda kuyamikiridwa amayenda bwino ndi yofulumira. Ndipo njira iliyonse ilekeni kaye ngati m'nyumba mwabadwa khanda, mwasamuka, mwana wadwala kapena wayamba kusiyidwa ndi womulera watsopano. Onse omusamalira, kaya bambo ake, agogo ake kapena aphunzitsi a kumkaka, agwirizane mawu amodzi ndi kachitidwe kamodzi.

Usiku ndi nkhani ina, ndipo palibe njira mwa ziwirizi imene imaulamulira. Kuti mwana adzuke wouma, thupi lake liyenera kutulutsa timadzi totchedwa vasopressin tokwanira, timene timachepetsa mkodzo wopangidwa usiku, komanso ubongo uyenera kumudzutsa chikhodzodzo chikadzaza. Zimenezi siziphunzitsidwa, zimabwera ndi kukula, ndipo nthawi zambiri zimatsata mtundu: ngati mayi kapena bambo anachedwa kusiya kukodza pogona, mwananso angachedwe. Pa ana 100 a zaka zisanu, pafupifupi 15 amakhala akukodzabe pogona, n'chifukwa chake madokotala saliona ngati vuto mwana asanafike msinkhu umenewo. Wanga wofulumira uja anasiya thewera la masana m'masiku anayi, koma la usiku analivala chaka china chathunthu. Ndinkamukodzetsa asanagone, kuyala pulasitiki pansi pa nsalu, ndipo ndinalichotsa nditaona kuti ladzuka louma sabata yonse. Chimene chiyenera kukutengerani kuchipatala msanga ndi mwana amene anakhala wouma miyezi isanu ndi umodzi n'kuyambiranso kudzikodzera, makamaka ngati akumva ludzu kwambiri, akuonda, kapena akulira pokodza.