Khadi la Dell PERC H730: lolimba, koma samalani poika Windows

Kwa maofesi a ku Limbe ndi ku Ginnery Corner amene agula seva ya kaunjika ya PowerEdge R730, khadi ili, lomwe limayendetsa madisiki a m'seva, ndi lodalirika. Lili ndi chip ya LSI SAS3108, cache (posungira data kwakanthawi) ya 1GB, ndipo limatha RAID (njira yophatikizira madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati imodzi) 0, 1, 5, 6 ndi 10.

Vuto limabuka poika Windows Server, pamene kompyuta ikunena kuti palibe disiki. Ambiri amathamangira kusaka driver (pulogalamu yothandiza Windows kuzindikira khadi), chonsecho sanapange virtual disk, disiki imene khadi limapanga kuchokera ku madisiki enieni kuti Windows iione. Seva ikamayaka dinani F2, lowani mu Device Settings, muipange kaye. Madisiki ochokera m'seva ina amaoneka ngati Foreign, ndipo muyenera kusankha Import (kutenga dongosolo la RAID lakale) kapena Clear. Clear imachotsa dongosolo la RAID lakale, choncho musaidine ngati muli data yofunika.

Disiki ikapanda kuonekabe, tsitsani driver pa webusaiti ya Dell pogwiritsa ntchito Service Tag (nambala ya seva yanu), muimasule, muike pa flash. Setup ya Windows imafuna fayilo ya .inf, ndiye mukangokopera .exe yosamasula, mukadina Load driver sipeza kanthu. Njira yachidule ndi kudina F10 seva ikamayaka, kenako OS Deployment. Pa Linux palibe chovuta, driver yake ya megaraid_sas ili kale mu kernel.

Chodandaulitsa ndi batire ya khadili. Pa makadi akale imakhala itatopa, khadi limasiya write-back (kusunga data mu cache kaye) n'kubwerera ku write-through (kulemba mwachindunji pa disiki), seva n'kuyamba kuchedwa polemba. Ndi kuthimathima kwa magetsi kuno, musaikakamize write-back. Yang'anani batire ndi pulogalamu ya Dell ya perccli musanalipire.