SK Standard Plus zapulumutsa mfuti yomwe ndinatsala pang'ono kuigulitsa motchipa

Ndikulemba izi mtima usanatsike bwinobwino, chifukwa kwa miyezi inayi yathunthu ndinkadana ndi mfuti yanga popanda mlandu, ndipo amene anandisocheretsa ndi munthu yemwe ndinamupatsa ndalama zanga ndi manja awiri. Za zipolopolo za SK Standard Plus ndilibe nazo mawu oipa, nyenyezi zonse zisanu ndazipatsa. Nkhani yanga ili pa shopu yomwe ndimagulako kuno ku Joni.

Mfuti yanga ndi CZ 457 ya .22 LR. Amene munadikirapo laisensi kuno mukudziwa mmene miyezi imatalikira, ndiye tsiku lokaitenga ndinapita ngati wokatenga mwana kuchipatala. Nditafunsa zipolopolo zoyenera kuwombera chandamale pa mamita 50, mnyamata wa pakauntala sanaganize n'komwe. Anangoti, "Bwana, .22 ndi .22, musataye ndalama pa timabokosi tokongolati." Basi n'kundikankhira chidebe cha zipolopolo zomwazika, zija zofiirira zokhala ndi kabowo kunsonga, zolemera magireni 36, zolembedwa kuti high velocity, kutanthauza zothamanga kwambiri. Poti mapepala anga ndi a dedicated sport, a munthu wolembetsedwa pa masewera owombera, malire a zipolopolo 200 omwe lamulo la kuno limaika sandikhudza, ndiye ndinatenga zidebe ziwiri. Ndinatuluka ndikumuthokoza kuti wandisungira ndalama.

Loweruka lililonse nkhani inali imodzimodzi. Mfuti ili pa matumba a mchenga, ine ndakhazikika, mpweya ndaugwira. Zitatu zigwera pamodzi, chachinayi chithawira m'mwamba, chachisanu chipita pansi kumanzere. Mabowo asanu ankafuna chikhato chonse kuti uwaphimbe. Ndinabwerera ku shopu ndi pepala langa. Mnyamata uja anati vuto ndi zomangira sikopu, galasi loonera chandamale lija, ndinagula zina. Sizinasinthe. Anati mwina sikopu yeniyeniyo, ndinabwereka ya mnzanga, chimodzimodzi. Ulendo wachitatu anagwira mfuti, n'kusuzumira mu mpope, n'kupukusa mutu ngati dokotala wopeza matenda aakulu. Akuti mwina ndinagwera pa mpope woipa, zimachitika, koma iwo akhoza kundithandiza poilandira mfutiyo pa mtengo wina wake kuti ndiwonjezerepo ndigule ina. Mtengo umene anatchulawo sunafike ngakhale theka la ndalama zomwe ndinalipira pa kauntala yomweyo. Maulendo onse atatu sanandifunse ngakhale kamodzi kuti ndikuwombera zipolopolo zanji, pomwe ndi iye amene anandigulitsa. Icho ndiye chimandiwawa mpaka lero.

Tsiku lomwe zinthu zinatembenuka linali Loweruka la mu July, m'mawa udzu wa pa kalabu uli mbuu ndi chisanu, zala zikukana kupinda. Ndinapita ndi maganizo oti ndiwombere komaliza, Lolemba ndikaisiye ku shopu. Pa benchi yoyandikana nane panali madala ena amene tonse timangowatchula kuti Oom, monga amachitira kuno. Sayankhulayankhula. Nditawombera zisanu, anachotsa chotseka khutu chimodzi n'kundiuza kuti ndiwomberenso zisanu koma nditchere khutu, ndisiye kuyang'ana pepala. Ndinatero, ndipo ndinamva chimene ndinali ndisanachimvepo miyezi yonseyo: china chinkalira kuti thwaa mokuthwa, chotsatira n'kulira mofooka ngati chatopa, kenako china thwaa. Oom anangoti, "Mwana wanga, khutu lakuuza kale. Zipolopolo zako sizikutuluka pa liwiro limodzi, ndiye zikagwera bwanji malo amodzi?"

Anatulutsa ndodo yawo yotsukira, tinapukuta mpope mpaka kansalu kanatuluka koyera, kenako anandipatsa kabokosi ka SK Standard Plus. Nditatsegula ndinadabwa, zipolopolo zonona ndi mafuta, zala zinayamba kuterera. Ndinawombera zisanu zoyamba, zinamwazika. Zisanu zachiwiri, pang'ono pokha. Mtima unagwa, ndinayamba kupakira. Oom anandigwira pamkono kuti ndikhale pansi, mpope sunadye mafuta ake. Ndinawombera zina zisanu m'mbali mwa pepala, kenako anandilozera kabwalo katsopano.

Choyamba chinaboola pang'ono kumanja kwa pakati. Chachiwiri ndinayang'ana mu sikopu osaona bowo latsopano, ndinaganiza kuti ndaphonya pepala lonse. Chachitatu ndi pomwe ndinaona kuti bowo loyamba lija likungokula. Pofika chachisanu manja anali akunjenjemera, osati chifukwa cha chisanu. Atalengeza kuti mfuti zonse zatsitsidwa, ndinayenda mamita 50 aja pafupifupi kuthamanga. Ndinatulutsa kakobiri ka 10c m'thumba n'kukaika pamenepo, mabowo onse asanu anabisika. Ndinabwereza kanayi ndi zotsala m'bokosimo, ndipo loipitsitsa linakwanabe bwinobwino pansi pa kobiri la R5. Mfuti yomweyo, sikopu yomweyo, munthu yemweyo amene ankati mwina dzanja lake n'lolephera. Pepala limenelo ndalimata pa chitseko cha sefa.

Tikumwa khofi wa m'fulasiki yawo, madalawo anandimasulira pang'onopang'ono, ndipo zambiri ndinakazitsimikiza ndekha pambuyo pake. Chipolopolo cha .22 LR chilibe kabatani koyatsira pakati ngati cha mfuti zikuluzikulu. Mankhwala oyatsa onga amawathira mkati mwa mkombero wa kachigoba, ndipo kachitsulo ka mfuti kamamenya mkomberowo. Mankhwalawo akachuluka mbali ina n'kuchepa mbali ina, onga suyaka mofanana, liwiro limasiyana, ndipo pa mamita 50 kusiyanako kumaoneka ngati mabowo okwera ndi otsika. Ongawo ndi wochepa kwambiri moti kaphulusa kakang'ono kowonjezera kapena kopereweza kamasintha nkhani. Ndalama yomwe timawonjezera pa kabokosi kabwino timalipirira chisamaliro chimenechi, osati utoto wa bokosi monga ankanenera mnyamata uja.

Chinanso ndi liwiro lenilenilo. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi kukakhala kofunda madigiri 20. SK Standard Plus ndi ya magireni 40 ndipo amailemba mamita 327 pa sekondi, kutanthauza kuti imanyamuka ili kale pansi pa liwiro la phokoso n'kukafika ili choncho. Za m'chidebe zija zimanyamuka zitaposa liwiro la phokoso, ndiye thwaa ndinkamumva uja, kenako zimatsika n'kudutsa malire amenewo zili m'njira, ndipo mpweya umazigwedeza pamenepo. Chimene chinandivuta kukhulupirira n'chakuti mphepo imakankha kwambiri zothamangazo kuposa zoyenda modekha, chifukwa zimataya liwiro lawo msanga. Ine ndinkaganiza kuti chothamanga chimafika mphepo isanachigwire. Ndinayesa tsiku lina la mphepo ya August, ndipo pepala linavomereza madala.

Mafuta aja nawonso ali ndi ntchito yake. Chipolopolo cha .22 LR, kuyambira pomwe chinatuluka mu 1887, mtovu wake umakhala pamtunda wopakidwa phula kapena mafuta, ndipo kampani iliyonse ili ndi mafuta ake. Ukasintha mtundu, mpope umafunika zipolopolo khumi kapena makumi awiri kuti uvale mafuta atsopanowo. Anzanga ambiri amagula timabokosi tinayi tosiyana, n'kuwombera zisanu za ichi, zisanu za icho, kenako n'kugamula kuti zonse n'zopanda pake. Inenso ndikanachita zomwezo pakanapanda dzanja la Oom pamkono panga.

Lolemba ndinapitadi ku shopu, koma ndi pepala lija m'manja. Ndinaliyala pa kauntala pambali pa lakale, osanena zambiri. Mnyamata uja analiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekeza makani, koma anangoti, "Pepani bwana, ine sindiwombera za mapepala, makasitomala anga ambiri amangofuna zowombera zitini ku famu." Apa mkwiyo wanga unachepako. Ndi mwana, anamuika pa kauntala popanda womuphunzitsa, ndipo pa zitini za pa mamita 20 chidebe chija chilibe vuto. Amene ndimawadandaula kwambiri tsopano ndi eni shopu, chifukwa zolandira mfuti ya munthu pa theka la mtengo sanaziyambitse mwanayo.

Ndinamupempha kuti ationetse nambala ya loti pa mabokosi omwe anali nawo. Poyamba sanamvetse chifukwa chake, mpaka ndinamufotokozera kuti ngakhale mtundu ukhale umodzi, zopangidwa ulendo uno ndi zopangidwa ulendo wina zimatha kugwirizana mosiyana ndi mpope wako. N'chifukwa chake ku Schönebeck ku Germany, komwe amapanga SK pamodzi ndi zipolopolo zoyatsira mumkombero (rimfire) za kampani ya Lapua, kuli malo oti akatswiri amapita ndi mfuti zawo kukayesa maloti osiyanasiyana asanagule, ndipo a Eley amachitanso zomwezo ku England. Anthu amenewo amalimbana ndi kabwalo ka pakati ka mapointi 10, kotambalala mamilimita 10.4 okha pa mamita 50, ndiye kwa iwo loti ndi nkhani yaikulu. Mnyamatayo analowa kuseri, anakhalako ndithu, n'kutuluka ndi mabiriki awiri a zipolopolo 500 a loti imodzi. Ndinatenga kabokosi kamodzi kaye kukayesa, iye n'kundisungira zotsalazo sabata yonse popanda dipoziti. Chimenecho ndamuyamikira, ngakhale ndalama ya zomangira sikopu zija palibe anaitchula zondibwezera.

Mtengo wa SK Standard Plus si wa chidebe, koma sunafikenso pa Lapua Center-X kapena Eley Tenex, ndipo kwa ife owombera Loweruka lokha uli pamalo abwino. Muzinyamula kansalu kopukutira zala, ndipo chipolopolo chikagwa pansi chipukuteni bwino kapena chisiyeni, chifukwa mafutawo amatola mchenga ndipo mchenga mu mpope ndi mdani. Pa mamita 100 zimatsika pafupifupi masentimita 20 ngati sikopu munaikonzera pa 50, koma zimatsika mofanana nthawi zonse, ndiye mukangodziwa makiliki oti mupotokole pa sikopu mwamaliza. M'zipolopolo zoposa 700 zomwe ndawombera mpaka pano, palibe ngakhale chimodzi chomwe chinakana kuphulika. Sindikunena kuti mfuti ya aliyense idzazikonda ngati yanga. Mnzanga wina pa kalabu yathu mfuti yake imachita bwino ndi CCI Standard Velocity kuposa izi, tinayesa tsiku limodzi pa benchi imodzi.

Chidebe chachiwiri chija chikadali mu sefa chosatsegula. Oom akuti ndibwere nacho mwezi wamawa pa tsiku lophunzitsa achinyamata, akawombere timbale tachitsulo pa mamita 25, ndipo iwo abweretsa kabokosi ka Center-X kuti tione ngati CZ yanga ingaphimbidwe ndi kanthu kocheperapo kuposa 10c.