Ndemanga: seti ya sola ya panelo 150W, batire 100Ah ndi inveta 500W yowonerera mpira

Tikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ntchito imene ambiri amaigulira seti iyi imaigwira ndithu: TV siizima mpira uli mkati, ndipo ana amapeza kuwala kowerengera magetsi akathima. Koma mmene imatulukira m'katoni siyokwanira, ndipo mawu a ogulitsa oti "imakoka chilichonse m'nyumba" ndi amene akupha mabatire ambiri chaka chisanathe. Zimene zili pansizi zachokera pa kuigwiritsa ntchito nyengo yonse ya mpira wa ku Ulaya, kuyambira Ogasiti mpaka Meyi, ndiye kuti yakumana ndi fumbi la Okutobala komanso mitambo ya Januwale.

M'katoni mumapezeka panelo ya 150W, batire ya 12V 100Ah yosathira madzi, kontrola (kachipangizo kowongolera moto wochokera pa panelo kupita mu batire) ya mtundu wa PWM ya 20A, inveta ya 500W, mababu atatu a 12V a 5W lililonse, ndi mawaya. Maseti otere ali mbwee m'mashopu a ku Limbe ndi ku Malangalanga, mayina okha ndi amene amasiyana, zamkati n'zofanana.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Batire ya 100Ah pa 12V imasunga moto wokwana 1,200Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola). Koma batire ya mtundu uwu siifuna kukamidwa kupitirira theka, ndiye wanu weniweni ndi 600Wh. Inveta nayo imadyapo pafupifupi 15 peresenti posandutsa 12V kukhala 230V, mumatsala ndi 500Wh kapena kuposera pang'ono. TV ya LED ya mainchi 32 imakoka mawati 40 mpaka 50, dikoda 10 mpaka 15, mababu atatu 15. Zonse pamodzi ndi mawati 65 mpaka 80. Batire ikakhala yodzaza bwinobwino, amenewo ndi maola 6 kapena kuposera pang'ono.

Vuto ndi loti kudzazako sikuchitika tsiku lililonse. Panelo ya 150W ikadutsa pa kontrola ya PWM imapereka 8A basi dzuwa likakhala paliwombo, osati mawati onse olembedwa kumbuyo kwake. Dzuwa lamphamvu patsiku ndi la maola ngati 5, ndiye batire imalandira 35Ah mpaka 40Ah. Inu mukamatapa 50Ah usiku uliwonse, ndiye kuti mukutenga ngongole tsiku ndi tsiku, ndipo pakatha sabata batire imakhala ikugona ndi njala. Kunena zoona, malire a seti iyi ndi maola 4 kapena 5 a TV patsiku, osati 6, ndipo woikira malirewo ndi panelo, osati batire. Kukachita mitambo ya dzinja, kapena chiperoni cha Juni ndi Julayi ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, panelo imatha kupereka gawo limodzi mwa magawo atatu a moto wake, mwinanso kuchepera apo.

Kwa okonda mpira wa kwathu kuno palibe chodandaula. Maule ndi Manoma amakumana masana, dzuwa likuswa mtengo, ndipo TV imadya moto wochokera pa panelo batire osakhudzidwa kwenikweni. Mpira wa ku Ulaya ndi umene umayesa seti. Kuyambira Lamlungu lomaliza la Okutobala, anzathu kumeneko akabweza mawotchi awo, masewero onse amatipeza mochedwa ndi ola limodzi. Loweruka a Premier League amayamba 14:30, ena 17:00, ena 19:30, ndipo wowonera onse atatu amakhala pa TV maola 7. Oyambawo amalanda moto umene ukanalowa mu batire, achiwiri dzuwa limakhala litapendeka, achitatu ndi batire yokhayokha. Pofika chigawo chachiwiri cha masewero omaliza kontrola imakhala ikusonyeza 12.0V. Champions League ya Lachiwiri ndi Lachitatu imayamba 22:00 mpaka kumapeto kwa Malichi, ndipo mu ndime yachipulula, zikafika pa nthawi yowonjezera ndi mapenate, mumagona cha m'ma 00:45. Tsiku limenelo TV isayake madzulo onse mpaka mpira utayandikira, apo ayi inveta iyamba kulira anthu akukonzekera kuponya mapenate.

Kulira kwa invetako musakudikirire. Apa ndi pamene seti iyi inalakwika kwambiri. Inveta imalumikizidwa ku batire mwachindunji, chifukwa potulukira moto pa kontrola sipangapirire zoposa 20A. Izi zikutanthauza kuti kontrola, imene ikanadula moto batire ikatsika, ilibe ulamuliro pa TV. Inveta yokha imachenjeza ndi kuzima batire itafika cha m'ma 10.5V, pamene yakamidwa kale mpaka kuuma. Kutero kangapo, kenako n'kukhala masiku osadzaza, mbale za mkati mwa batire zimamera zoyera zolimba zimene sizisungunukanso. Chizindikiro chake n'chodziwika: imadzaza msanga, 10 koloko m'mawa yati kale yakhuta, koma usiku siimaliza ngakhale masewero amodzi.

Choncho phunzirani kuwerenga manambala, timizere ta batire tojambulidwa pa kontrola musatikhulupirire. Masana timasonyeza kudzaza chifukwa panelo ikukankha moto. Nambala yoona imaoneka mbandakucha dzuwa lisanatuluke, zonse zitazimitsidwa: 12.7V ndi yodzaza, 12.2V ndi theka, 12.0V yatsika kwambiri. TV ili chiyakire, nambala ikakhazikika pa 12.0V, zimitsani. Zimawawa timu yanu ikufunafuna chigoli chobweza, koma foni kapena wailesi yaing'ono ikhoza kukumalizitsani mphindi zotsalazo.

Mawaya obwera nawo ndi osinthiratu. Wochokera pa panelo ndi wa 1.5mm², ndipo pa mtunda wa mamita 10 kuchokera padenga amataya pafupifupi 2V moto ukamayenda pa 8A. Panelo ikatentha pa malata mphamvu yake imatsikanso, ndiye batire imalephera kufika pa 14.4V imene imafunika kuti idzaze. Gulani wa 4mm², kutayako kumatsika kufika pa 0.7V. Pogula, palani waya ndi mpeni: akayera mkati ndiye kuti ndi aluminiyamu wongopaka kopa pamwamba, msiyeni. Inveta nayo imabwera ndi timawaya ta zopanira zangati kamwa ya ng'ona. Pa 500W inveta imakoka 45A mpaka 50A, ndipo zopanirazo zimatentha mpaka pulasitiki kufewa. Ikani waya wa 16mm² wosapitirira mita imodzi ndi theka, womanga ndi mabawuti.

Fyuzi m'katonimo mulibe ngakhale imodzi, ndipo ichi n'chosakhululukika pa katundu wolowa m'nyumba mogona ana. Pafunika ya 60A pa waya wofiira wopita ku inveta, pafupi penipeni ndi mutu wa batire, ndi ina ya 25A pakati pa batire ndi kontrola. Polumikiza yambani batire ku kontrola, panelo pambuyo; pomasula yambani panelo. Mukasemphanitsa, kontrola ikhoza kupsa kapena kusokonezeka n'kumaona ngati ili pa 24V.

Panelo iyang'ane kumpoto, itapendekeka madigiri ngati 15, ndipo pakati pa iyo ndi malata pakhale mpata wolowa dzanja kuti mphepo idutse. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango kapena wa dishi, ngakhale utaphimba kangodya kokha, umagwetsa moto wa panelo yonse. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, ipukuteni ndi nsalu yonyowa kamodzi pa sabata, m'mawa galasi lisanatenthe.

Kwa makolo anzathu, mbali yabwino kwambiri ya setiyi ndi mababu. Alumikizeni pa kontrola pamalo ojambulidwa babu, asadutse pa inveta. Atatu onse akayaka maola 4 amadya 60Wh, pamene masewero amodzi a mpira amadya kuwirikiza kawiri. Mwana wokonzekera mayeso a PSLCE kapena MSCE amawerenga mpaka 22:00 popanda utsi wa koloboyi kapena kandulo, ndipo kuwala kwake n'kokwanira tebulo lonse babu likapachikidwa mita imodzi pamwamba pake. Chimene chimasokoneza bajeti ndi makatuni a masana pa holide. Maola atatu a TV masana amachotsa theka la moto umene ukanasungidwa, ndiye pakhomo pamafunika pangano lomveka: tsiku la mpira wausiku, makatuni ndi ola limodzi. Inveta muziizimitsa pa switchi yake mukatha, chifukwa ikangokhala chiyakire osakoka kanthu imadyabe mawati 5 mpaka 10, ndipo pa tsiku lathunthu amenewo ndi masewero ena athunthu otayika.

Batire ikhale m'bokosi la matabwa lobowola m'mbali, mitu yake itaphimbidwa. Supuni kapena sipanala ikagwera pa mitu iwiriyo imafiira nthawi yomweyo. Isakhale kuchipinda kogona, pafupi ndi mbaula, kapena pomenya dzuwa, poti kutentha kumafupikitsa moyo wake. Ana adziwenso kuti 230V yotuluka mu inveta imapha ngati magetsi ena aliwonse. Ndipo chonde, musapange waya wa mapulagi awiri wolowetsa inveta pa soketi ya pakhoma kuti nyumba yonse iyake. Magetsi akabwera inveta imaphulika, ndipo akakhala kuti athima, moto wanuwo umabwerera ku mapolo kumene mwina munthu akukonza mawaya. Ofuna kulumikiza nyumba yonse aitane wodziwa zamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA adzaike switchi yosinthira.

Pa zantchito setiyi ilipo pakatikati. Inveta yake ndi ya modified sine wave, moto wake siwosalala ngati wa pa mapolo. Laputopu ya tchaja cha 45W kapena 65W imayenda, kungoti tchaja chimafunda kuposa masiku onse. Makina ometera amalira mokweza ndipo amatentha msanga m'manja, choncho wa babashopu awonjezere ndalama agule inveta ya pure sine wave, ya moto wosalala. Pa sipika pamamveka kaphokoso kong'ung'udza, fani nayo imalira. Wofuna bizinesi yotchaja mafoni awerengere 15Wh pa foni. Mafoni 20 amamaliza pafupifupi moto wonse wa tsiku limenelo, TV madzulo palibe. Simbi yositira yunifolomu ya ana imakoka mawati 1,000 kupita m'tsogolo, ketulo 2,000, ndiye izi ndi hotipuleti musayese n'komwe. Firiji ingaoneke ngati ya mawati ochepa, koma injini yake ikamadzuka imakoka kuwirikiza kangapo, ndipo inveta imazima pompo.

Ndalama yoyamba imene mungapeze mutagula setiyi ipite ku panelo yachiwiri ya 150W, osati ku batire yachiwiri. Mapanelo awiri olumikiza chofiira ku chofiira, chakuda ku chakuda, amapereka 16A, ndipo kontrola ya 20A imakwanitsa osasintha. Batire imayamba kudzaza tsiku lililonse, ngakhale kuli mitambo yapatalipatali. Kuwonjezera batire panelo ili imodzi n'kungochulukitsa pakamwa nsima ili yomweyo. Amene muli ndi magetsi a pa mapolo, tchaja cha batire cha 10A chimathandiza kwambiri miyezi ya mvula.

Waranti ndi imene ikutsitsanso nyenyezi. Pa batire amapereka miyezi 6, pa inveta ndi kontrola ndi mawu apakamwa chabe, ndipo batire ikafooka yankho lokhazikika ndi loti munaikamitsa nokha. Dzitetezeni muli mushopu momwemo. Batire yeniyeni ya 100Ah ya mtundu uwu imalemera makilogalamu pafupifupi 30. Ikamasewera pa 20, nambala yolembedwayo ndi yabodza. Pemphani aiyeze ndi mita inu mukuona, ndipo ikakhala pansi pa 12.5V ndiye kuti yakhalitsa pashelefu osatchajidwa, sankhani ina. Panelo ya 150W kukula kwake kumayandikira sikweya mita imodzi, ndipo ikayezedwa padzuwa isanalumikizidwe imasonyeza 21V kapena 22V. Pa risiti palembedwe chipangizo chilichonse pachokha, nambala yake, tsiku logula ndi miyezi ya waranti, padindidwenso chidindo cha shopu. Ijambuleni pa foni tsiku lomwelo chifukwa inki ya marisiti a makina imafufutika pakapita miyezi yochepa. Ogulitsa akakana kusintha katundu amene wafa nthawi ya waranti isanathe, risiti imeneyo ndi imene mukapite nayo ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limalandira madandaulo a ogula.