Makina amodzi ochita zonse, kapena awiri atatu osiyana?

Amene mwayamba ukalipentala m'galaja kapena m'kashedi kuseri kwa nyumba mukulidziwa tsiku lija mikono imakana sowo yamanja ndi puleni, mtima n'kuyamba kulakalaka makina. Malo ndi ochepa, ndiye maganizo amathamangira ku makina amodzi ocheka, opala, oboola ndi osema. Alipodi makina otero, koma dzina limodzi lomwelo likuphimba zinthu zitatu zosafanana n'komwe. Powayerekeza, ine sindiwerenga kuti achita ntchito zingati. Ndimawerenga kuti ndiwamasula kangati ndisanamalize tebulo limodzi.

Oyamba ndi a ku America, a Shopsmith. Anawayambitsa ndi Hans Goldschmidt m'chaka cha 1947, ndipo mtundu wake wotchuka wa Mark V unatuluka mu 1953. Nzeru yake ndi yosavuta: mota imodzi imatsetsereka pa mapaipi awiri achitsulo, inu n'kumasintha chimene mwamangirira kukamwa kwake. Mukaika sowo ya mainchesi 10, ndi tebulo lochekera. Mukaika chimbale cha sandipepa, akusalaza. Mukawaimika chilili, asanduka dirilo yoboola kuchokera pamwamba. Akagona, amaboola cham'mbali. Ntchito yachisanu ndi ya lathe, yosemera miyendo yozungulira ya mipando ndi mbale zamtengo. Liwiro mumalisintha ndi chopotokola, kuyambira pa maulendo 700 kufika 5,200 pa mphindi. Mtundu wa Mark 7, womwe unabwera mu 2010, unawonjezera ntchito za router, makina osemera mizere ndi mipata m'thabwa.

Pa kuboola ndi kusema, makinawa ndi abwino ndithu, ndipo mutha kuwaika mateyala oti mukamaliza mumangowakankhira kukhoma. Pofooka pake ndi pa sowo, pomwe kalipentala amathera nthawi yambiri. Sowo siikwera kapena kutsika. Chimakwera ndi kutsika ndi tebulo. Mukafuna kucheka mopendeka, chimapendeka ndi tebulo lomwe, ndiye thabwa lalitali limafuna kutsetsereka inu muli mkati mocheka. Tebulolo ndi laling'ono komanso lili m'mwamba. Chinanso chomwe ambiri amachizindikira atagula kale n'chakuti pa ntchito zisanu zija palibepo kupala. Puleni yake imagulidwa payokha, ndipo imatenga thabwa la mamilimita pafupifupi 100 okha m'lifupi.

Achiwiri ndi a ku Ulaya, ndipo awa ndi nkhani ina. Opanga odziwika ndi Felder ya ku Austria, yomwe inayamba mu 1956 ndipo imapanganso makina a Hammer. Robland ya ku Bruges m'dziko la Belgium. Ndi SCM ya ku Rimini ku Italy, eni ake a Minimax. Ntchito zake nazonso ndi zisanu, koma ndi zisanu zimene wopanga zitseko ndi makabati amazifuna tsiku ndi tsiku: sowo yokhala ndi tebulo loyenda, puleni yowongola nkhope ya thabwa, thicknesser yolinganiza kuchindikala, spindle yolemba mizere ndi mipata m'mbali mwa thabwa, ndi choboolera mabowo a majointi. Mukaona 31 kapena 310 m'dzina, monga Hammer C3 31, ndiye kuti amapala thabwa la mamilimita 310 m'lifupi. Ambiri ali ndi mamota atatu, ndipo mumasankha yoti iyake ndi switchi, popanda kusuntha malamba.

Tebulo loyenda lija ndilo limandikopa. Mumagoneka thabwa, n'kulipana, n'kukankha tebulo lonse kudutsa pambali pa sowo, manja ali kutali ndi mano. Thabwalo likamatuluka limakhala lili sikweya. Matebulo ake ndi achitsulo chochindikala, choncho makina sanjenjemera. Kulemera komweko ndiye vuto lake: ena amafika theka la tani kapena kuposa. Funsani kaye ngati khomo lanu ndi simenti yapansi zingalole. Funsaninso za magetsi, chifukwa ena amafuna a mafezi atatu, a 400 V, pomwe nyumba zambiri zili ndi a fezi imodzi. Mitundu ya fezi imodzi iliponso koma muyenera kuitchula poitanitsa. Ndipo musanyengedwe kuti poti ndi amodzi ndiye kuti sadya malo. Amagwiridwa ntchito mbali zonse, ndiye amakhala pakatikati pa chipinda. Thabwa la mamita 2.4 limafuna mpata womwewo kutsogolo ndi kumbuyo, kutanthauza mamita asanu a njira yopanda kanthu.

Achitatu ndi aja opepuka, otsika mtengo, nthawi zambiri opanda dzina lodziwika, omwe sowo, mipeni ya puleni ndi chogwirira dirilo zonse zili pa shafuti imodzi. Pa awa sindichedwapo. Mukayatsa, zonse zimazungulira nthawi imodzi. Mukucheka uku, mipeni ikuzungulira pafupi ndi chigongono chanu, ndipo chivindikiro chake ndi kachitsulo kopyapyala komwe anthu amakachotsa sabata yoyamba. Ambiri alibe kampeni kamene kamaima kuseri kwa sowo kuti thabwa lisapane mano n'kukubwererani pamimba. Fensi yake, chitsulo chotsamiritsapo thabwa pocheka, imagwedera, ndiye mzere womwe mwayeza si umene mucheke. Kwa wocheka timatabwa ta mashelefu kamodzi pa mwezi, mwina. Kwa wofuna chitseko chotseka bwino, ayi.

Tsopano tiyeni tipange tebulo lija, chifukwa kusiyana kwenikweni kumaonekera pamenepo. Mwacheka miyendo inayi, mwaipala mpaka mamilimita 45, mwasintha makina kuti muboole majointi. Pa mwendo wachitatu mwapeza mng'alu womwe unabisala mkati. Muyenera kupanga wina. Pa Shopsmith, ndiye kugonekanso makina, kuchotsa dirilo, kumanga sowo, kubwezera tebulo, kuyezanso fensi, kenako kulumikiza puleni. Pa makina a ku Ulaya n'kofulumirako, komabe fensi imodzi imatumikira sowo ndi puleni pa mitundu yambiri, ndipo kuti mupite ku thicknesser mumatukula matebulo a puleni, n'kutembenuza chokokera utuchi, n'kupukusa tebulo lapansi kuti likwere. Mphindi zochepa zotayikazo sizipweteka kwambiri. Chopweteka ndi muyeso. Mamilimita 45 a m'mawa ndi 45 a masana safanana ndendende, ndipo theka la milimita limaoneka pa jointi. Amene anazolowera makinawa amaphunzira kukonza ntchito m'magulu, kucheka zonse, kupala zonse, ndipo amapangiratu mwendo wachisanu wapadera. Ngati inu muli munthu woganiza ntchito yonse musanayatse makina, zikuyenderani. Ine ndine wa gulu lija lokumbukira chinthu nditamasula kale.

N'chifukwa chake ndimakonda njira yachinayi: kuphatikiza zokhazo zomwe zimayenderana, zina n'kuzisiya pazokha. Puleni ndi thicknesser zimagwiritsa ntchito mipeni imodzimodzi, puleni pamwamba thicknesser pansi, ndipo ntchito zake zimatsatana: muwongole nkhope imodzi ndi mbali imodzi, kenako mulinganize kuchindikala. Makina ophatikiza ziwirizi, a mamilimita 260 kapena 310, sakulandani kanthu. Sowo ikhale payokha ndi fensi yake yosasunthidwa. Dirilo yoimika ndi kanthu kakang'ono kokhala pakona. Router yamanja yomangirira pansi pa kathebulo imachita zambiri za spindle, ndipo siyoopsa ngati spindle kwa munthu wongoyamba. Ngati ntchito yanu yambiri ndi ya mapulayiwudi a mamilimita 2,440 ndi 1,220, sowo yoyenda pa njanji, monga za Festool kapena Makita, imacheka chipepala chonsecho chili chigonere, ndipo mukamaliza njanjiyo mumaipachika pakhoma. Ubwino wina ndi woti mumagula chimodzichimodzi, ndipo mota imodzi ikapsa ntchito zina zimapitirira. Pa makina a mota imodzi, ikapsa ndiye kuti shedi yonse yatseka.

Ndisabise kuipa kwake: zingwe zimachuluka, paipi yokokera utuchi mumaisamutsa uku ndi uku, ndipo sowo yaing'ono yapayokha singafanane ndi tebulo loyenda la makina a ku Ulaya. Amene ali ndi chipinda chachikulu, pansi polimba, ndipo amapanga makabati ndi zitseko mlungu uliwonse, atenge a ku Ulaya aja, ngakhale ogwiritsidwapo kale ntchito. Ingoyang'anani ngati matebulo a puleni ali pamzere umodzi, ndipo mumvetsere mabeyaringi akamazungulira. Amene mtima wake uli pa mbale zamtengo, zidole ndi tinthu ting'onoting'ono, ndipo galimoto iyenera kugonabe m'galaja momwemo, Shopsmith imukwanira. Ena tonsefe tisanagule chilichonse, titenge choko tijambule makinawo pansi, tinyamule thabwa lalitali kuposa onse omwe timagwiritsa ntchito, tiyende nalo mozungulira chojambulacho, tione pomwe ligunde khoma.