Acland's Video Atlas: yabwino kuonera musanagwire mpeni

Robert Acland anali dokotala wa opaleshoni wochokera ku Britain yemwe ankaphunzitsa pa University of Louisville ku America, ndipo anamwalira mu 2016. Mavidiyo ake a Acland's Video Atlas, ophunzitsa kapangidwe ka thupi la munthu (anatomy), anayamba kutuluka pa matepi a VHS m'zaka za m'ma 1990. Lero Wolters Kluwer imawagulitsa pa intaneti, ndipo ali m'magawo 5: mkono, mwendo, thunthu, mutu ndi khosi, komanso ziwalo za m'kati. Amafotokoza ndi iye mwini, m'Chingelezi chosathamanga.

Chimene chimawasiyanitsa ndi ena ndi mtundu wa ziwalo. Mtembo umene ophunzira za udokotala amadula mu labu umakhala utamwa formalin, mankhwala oletsa kuola, ndiye minofu imauma n'kuthimbirira, ndipo kwa wophunzira wa chaka choyamba zonse zimaoneka ngati zingwe zofanana. Acland anajambula ziwalo zomwe zidakali ndi mtundu wake wachibadwa, kumbuyo kuli bii, n'kumazizunguza pang'onopang'ono. Maso amaona okha chomwe chili pamwamba ndi chomwe chabisala pansi, zimene chithunzi cha m'buku chimalephera.

Yesani ndi m'khwapa, momwe ambiri amasokonezeka. Brachial plexus, ukonde wa ma nerve opita kumkono, imayambira pa mizu 5 yotuluka mumsana, kuchokera C5 mpaka T1, n'kukhala ma trunk 3, ma division 6, kenako ma cord 3 ozungulira axillary artery kuseri kwa mnofu wa pachifuwa wa pectoralis minor. Pa vidiyo chilembo cha "M" chimene ma nerve a musculocutaneous, median ndi ulnar amapanga chimaonekera poyera. Amene waonera usiku amafika patebulo akudziwa chomwe akusaka.

Koma kusakako vidiyoyi sikuphunzitsa. Zonse imazionetsa zitayeretsedwa kale, mafuta ndi fascia (kachikopa kokuta minofu) zitachotsedwa. Siikuuzani kuti cephalic vein ili pafupi kwambiri ndi khungu, mumpata wa minofu ya deltoid ndi pectoralis major, moti mpeni ukangolowerera pang'ono yapita. Siichenjeza kuti pofunukula pectoralis major muyenera kupisa chala kunsi kwake kaye kuti mupeze ma pectoral nerve, apo ayi mumawadula. Intercostobrachial nerve ndiye imatayidwa kawirikawiri pamodzi ndi mafuta a m'khwapa. M'malo ngati amenewa mpeni umaikidwa pansi, mumalowetsa sizasi yotseka n'kuitsegula motsatira kumene mtsempha ukulowera. Ndipo kusiyanitsa n'kwa zala basi: artery ndi yobulungira ndipo imafwamphuka mukaifinya, vein ndi yophwatalala, nthawi zambiri muli magazi oundana akuda, nerve ilibe bowo m'kati. Matupi nawonso amasiyana. Mwa ena median nerve imalandira nthambi kuchokera ku musculocutaneous, ndiye wophunzira woloweza vidiyo amaganiza kuti walakwitsa kudula.

Aphunzitsi angachite bwino kusankha tizigawo tiwiri kapena titatu togwirizana ndi ntchito ya mawa lake, osati gawo lonse la mkono. Mu labu, tabuleti imodzi yoonerapo vidiyo patebulo ndi yokwanira, ikhale mu jumbo yoonekera m'kati chifukwa magolovesi amakhala a mafuta okhaokha, ndipo wogwira akhale m'modzi amene sakudula. Kamera yake isalunjike pa mtembo, ameneyo ndi m'bale wa anthu.

Mavidiyowa amafuna netiweki yosadukaduka ndipo amadya bandulo. Musanalipire nokha, funsani ku laibulale ngati sukulu yanu inalembetsa kale.