Ndakonzetsa foni yakale m'malo mogula yatsopano: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Anyamata okonza mafoni amene ali ndi kashopu m'mwamba mwa nyumba ina ya masitolo kufupi ndi Market Square ku Harare, Zimbabwe, ndikuwapatsa nyenyezi zinayi. Yachisanu ndawamana chifukwa cha galasi, ndipo nkhani yake ndiifotokoza bwinobwino. Amene muli pachangu, nayi mfundo: ngati foni yanu vuto lake ndi batire kapena pobaya tchaja, kakonzetseni, madolawo mugulire ana ufa. Ngati vuto ndi loti mapulogalamu ayamba kuikana, palibe mmisiri amene angakuthandizeni.

Foni yangayi ndi ya Android, ya mtengo wapakatikati, yogula mu 2020. Ine ndimasoka zovala ku Mufakose, makamaka mayunifolomu a sukulu ndi a amayi a chigwirizano, ndiye ntchito yonse imadutsa mufonimu. Miyezo imabwera pa WhatsApp, malipiro pa EcoCash, ndipo kangachepe kotumiza kwa abale ku Dedza kamapita pa Mukuru. Batire linafika pomatha dzuwa lisanafike pamutu, chivindikiro chakumbuyo chinayamba kutukuka, tchaja nayo inkagwira pokhapokha nditapinda chingwe n'kuchimanga ndi kalabala. Kenako mdzukulu anaigwetsa pasimenti, galasi n'kung'aluka pakona. Ndi mmene magetsi amathimira kunoku, foni yosasunga moto ndi mtolo chabe.

Amene anandilandira ndi mnyamata wobadwira ku Mbare, koma agogo ake anachokera ku Ntcheu. Atangomva ndikuyankha foni m'Chichewa, Chishona chinathera pomwepo. "Khalani apa amayi, muzionerera ndikamatsegula, kuti musamati tasintha zina." Chimenechi ndi choyamba chimene ndinakonda. Malo ambiri m'tauni muno amakulandani foni n'kulowa nayo kuseri, inu n'kumangodikira pakhonde.

Anaiika pa kachitsulo kofunda kuti guluu lifewe, kenako analowetsa kapulasitiki kopyapyala m'mphepete n'kuzungulira pang'onopang'ono mpaka chivindikiro chinachoka osasweka. Batire linatuluka lotupa ngati chitumbuwa. Analiika m'chitini cha mchenga, akuti lotupa chotero likabooka limayaka moto. Atafika pobaya tchaja, pamene ine ndinali nditakonzekera kulipira madola 5 a ku America, anaunika ndi tochi, anatenga kasingano, ndipo anatulutsa kampira ka ulusi ndi fumbi la nsalu kolimba gwa. "Apa sipanafe amayi, ndi ntchito yanu yomweyi yatsekapo." Sanandilipiritse kanthu pamenepo. Akanasintha kachitsuloko sindikanadziwa n'komwe.

Batire latsopano linali madola 15. Papita miyezi ndithu tsopano, ndipo ndikaichotsa pa tchaja m'mawa imafika usiku ili ndi moto, ngakhale tsiku lotumiza zithunzi zambiri. Siitentha m'thumba. Pa lisiti analemba kuti likavuta mwezi usanathe ndibwerere. Mwezi umodzi ndi wochepa, koma bola zinalembedwa.

Tsopano galasi. Anandionetsa mitundu itatu: lochotsa mufoni ina yakufa la madola 55, lina la madola 30, ndi lotchipa la madola 20. Ndinafunsa kusiyana kwake, poti safunsa anadya phula, ndipo yankho linali lakuti la madola 30 ndi loyambiriralo "simudzaona kusiyana". Ndinasankha la madola 30. Kusiyana kulipo, ndipo ndi kwakukulu. M'nyumba limaoneka bwino, koma mukaima padzuwa pa Copacabana kudikira kombi, muyenera kuphimba ndi dzanja kuti muwerenge uthenga. Choipa kwambiri kwa ine ndi mitundu. Nsalu ya maruni imaoneka yofiira, nevi imaoneka yakuda. Kholo likanditumizira chithunzi cha yunifolomu ya mwana, tsopano ndimachita kufunsa dzina la sukulu kuti ndisagule nsalu yolakwika. M'mphepete mwa galasilo chala chimafunanso kudina kawiri. Nditabwerera kukadandaula anandilandira mwaulemu, koma anandilozera lisiti: pa galasi panalibe lonjezo lililonse. Munthu amene anakana madola 5 a ulusi uja akanatha kundiuza poyera kuti galasi lapakatili ndi lozimirira. Apa ndiye pamene nyenyezi yagwera.

Chimene chinandichititsa chidwi ndili pabenchi paja ndi kuchuluka kwa anthu. Pansi, pamene amagulitsa mafoni atsopano m'makatoni, ogulitsa ankangoyasamula n'kumaitanira aliyense wodutsa. M'mwamba, kwa okonza, tinali titadzaza mpaka pamasitepe. Ku Gulf Complex nakonso ndi chimodzimodzi, matebulo a okonza ndi a mafoni a kaunjika ndi amene amaunjikana anthu. Tisaganize kuti ndi umphawi wa ku Harare wokha. Kampani ya IDC, imene imawerengera malonda amenewa, inapeza kuti mu 2016 makampani anatumiza kumsika mafoni amakono pafupifupi 1.47 biliyoni padziko lonse, ndipo chiwerengero chimenecho sichinafikidwenso. Mu 2022 malonda anatsika ndi 11.3 peresenti, mu 2023 anatsikanso kufika pa 1.17 biliyoni, kutsikitsitsa pa zaka 10. Mu 2024 anakwerako kufika cha m'ma 1.24 biliyoni, komabe kutali ndi kale.

Zifukwa zake aliyense wa ife akuzidziwa m'thumba mwake. Amene akanatha kugula foni anagula kale. Mitengo ya chakudya ndi mafuta itakwera mu 2022, foni yatsopano inakhala chinthu chodikira. Ndiponso foni ya chaka chino siisiyana kwenikweni ndi ya zaka zitatu zapitazo: makamera awonjezera kumbuyoku, koma WhatsApp ndi yomweyo. Kale kuchoka pa kafoni ka mabatani kupita pa foni yodina pagalasi kunali kusintha moyo. Lero ukagula yatsopano, sabata isanathe waiwala kuti ndi yatsopano.

Msika ukachepa, ogulitsa amalimbirana makasitomala omwewo, ndipo ena agwa. LG inasiyiratu kupanga mafoni mu 2021. Huawei, imene inali paliponse muno m'tauni, inabwerera m'mbuyo America itailetsa mu 2019 kugwiritsa ntchito mapulogalamu a Google m'mafoni ake atsopano. Mu 2023 Apple inalanda malo oyamba kwa Samsung, imene inakhala patsogolo zaka zoposa 10. Koma amene amatikhudza ife kunoku ndi Transsion ya ku Shenzhen, mwini wake wa Tecno, Infinix ndi itel. Chaka chomwecho, ena akulira, iyo inagulitsa mafoni pafupifupi 95 miliyoni n'kulowa m'gulu la makampani asanu akuluakulu, ndipo mu Africa pafupifupi theka la mafoni amakono ogulitsidwa ndi ake. Inachita kutiphunzira: malo a masimu awiri, kuti netiweki ya Econet ikavuta uyatse ya NetOne, batire lalikulu la dziko la magetsi othimathima, ndi kamera yojambula bwino khungu lakuda.

Ndiye funso limene mwana wanga anandifunsa ndi loyenera: bwanji osangowonjezera pa madola 45 amenewo n'kugula yatsopano ya madola 80 kapena 90, poti mpikisano watsitsa mitengo? Ndinazigwira m'manja zotchipazo, ndinajambula nazo nsalu pomwepo m'sitolo. Batire ndi labwino, palibe chotsutsa. Koma foni yatsopano yotsikitsitsa mtengo siiposa foni yakale yapakatikati pa kamera ndi pa liwiro, ndipo kwa ine chithunzi chooneka bwino msoko ndiye chimabweretsa kasitomala. Wogula foni yoyamba, kapena yopatsa agogo kumudzi, zotchipazo ndi zabwino zedi. Amene muli ndi yapakatikati yamoyo, mukhala mwatsika m'malo mokwera.

Pali malire ake, ndipo mnyamata uja anandiuza yekha ndisanalipire. Iye amakonza thupi la foni, za m'kati sangazikonze. Foni yangayi inasiya kalekale kulandira zosintha za chitetezo, ndipo tsiku lina pulogalamu ya banki kapena WhatsApp idzanena kuti Android imeneyi ndi yakale. Malo osungira nawo adzaza, ndimakhalira kufufuta mavidiyo a m'magulu a maliro ndi a kutchalitchi. Makampani aakulu aona kuti anthu akusunga mafoni nthawi yaitali, ndiye ayamba kupikisana pa zaka: Google inalonjeza zaka 7 za zosintha pa Pixel 8 mu 2023, Samsung inachitanso chimodzimodzi pa Galaxy S24 mu 2024. Ku Ulaya, kuyambira June 2025, lamulo likuti batire lizikhalabe ndi mphamvu 80 peresenti litatchajidwa ka 800, ndipo zipangizo zokonzera zizipezeka zaka 7 mtundu wa foniwo utasiya kugulitsidwa. Zabwino, koma mafoni a malonjezo amenewo ndi a madola mazanamazana. Ife tidzawapeza atakalamba, pa tebulo la kaunjika. (Chondiseketsa n'chakuti lithiamu wopangira mabatire akukumbidwa pompano ku Goromonzi ndi ku Bikita, koma batire langa lachita kuchokera ku China.)

Amene mukupita kumeneko, pitani m'mawa, chifukwa masana benchi imadzaza ndipo magetsi akathima ntchito ya galasi imaima. Tengani madola ang'onoang'ono, chenji kulibe, ndipo mukalipira ndi ZiG, ndalama ya dziko lino, mtengo wake amawerengera okha. Zithunzi ndi manambala sungani kwina musanapereke foni, simu ndi kakhadi ka memory muchotse nokha. Batire lakale muwasiyire, musapite nalo kunyumba kumene ana angaliboole. Pa galasi, apempheni alilumikize kaye asanamate guluu, mutuluke nayo foniyo pakhonde padzuwa, mutsegule chithunzi cha chinthu chimene mtundu wake mukuudziwa bwino. Ngati ntchito yanu ndi ya nsalu, ya tsitsi, ya makeke kapena ya utoto, lipirani la madola 55, ndipo muwauze alembe pa lisiti kuti aika galasi la mtundu wanji.