Hydrocyclone yolekanitsa oyilo ndi madzi: chaka ndi miyezi chigulireni

Rabala wa m'kati mwa pampu wang'ambika, makina onse aima, ndiye podikira wina ndati ndiwonjezere pa zimene ndinalemba makinawa atangofika. Kwa amene simunawerenge: tili ndi galaja ndi malo otsukira malole, ndipo madzi otsika pamenepo amakhala ndi dizilo, oyilo wa injini ndi girizi. Tinagula hydrocyclone kuti tizichotsa oyiloyo madzi asanatayidwe kapena kubwereranso kotsukira.

Chinthucho ndi chubu chachitsulo, chotakata kumutu, choning'a kumchira. Madzi amalowera cham'mbali ndi mphamvu n'kuyamba kuzungulira ngati kamvulumvulu. Poti madzi ndi olemera kuposa oyilo, amakankhikira kukhoma n'kutulukira kumchira, pomwe oyilo amasonkhana pakati n'kubwerera kukatulukira pa kabowo kakang'ono kumutu. Zonsezi zimatha m'masekondi awiri kapena atatu.

Chubucho sichinativutepo. Mulibe chozungulira, mulibe choti muzisintha, simuthira mankhwala. Malo chimatenga ochepa kwambiri poyerekeza ndi dzenje lomwe tinkadikhitsira madzi kale, ndipo fungo la dzenje lija linatha. Apa ndilibe dandaulo.

Nkhani yagona pa kukula kwa timadontho ta oyilo, chinthu chimene ogulitsa sanachitchule n'komwe pa nthawi yogula. Miyezi yoyamba madzi ankatuluka oyererako, osati mbee. Mukatunga m'botolo n'kuliimika usiku wonse, m'mawa mumapeza kamzere ka oyilo pamwamba, pansi pake madzi akadali a mtambo. Titawaimbira ogulitsa aja, anati anyamata athu sakudziwa kutsegula mavavu. Anabwera, anapotokola apa ndi apo, anapita, madzi ali chimodzimodzi. Amene anatitsegula maso ndi makaniko wina amene anagwirapo ntchito m'sitima zapamadzi. Iye chubu sanachiyang'ane n'komwe, anangoloza pampu. Ogulitsa anatipatsa pampu wamba wa mapiko ozungulira mothamanga m'kati, ndipo pampu wotere amaphwanya oyilo kukhala timadontho tosaoneka ndi maso asanafike n'komwe m'chubu. Kadontho kakachepa ndi theka, liwiro lake lolekana ndi madzi limatsika kanayi. Tochepera ma micron 10 kapena 15 (micron ndi milimita yogawidwa ka 1,000) timangodutsa ndi madzi, makina akugwira ntchito bwinobwino.

Tinasintha n'kuika pampu wa chitsulo chopotana chozungulira pang'onopang'ono m'kati mwa rabala, amene amakankha madzi osawatakasa. Tsiku lomwelo botolo linasintha. Ndinasangalala moti ndikanalemba usiku umenewo, bwenzi mukuwerenga zotamanda zokhazokha. Koma pampuyo tinagula ndi ndalama zathu. Ogulitsa anati pa pepala la mgwirizano panalembedwa kuchuluka kwa madzi ndi presha, ndipo pampu wawo amakwanitsa zonsezo. Sananame, koma sanatithandize.

Kenako inabwera ya sopo. Mankhwala ochotsera girizi amene otsuka amawakonda, aja othovoka kwambiri, amamanga oyilo ndi madzi kukhala chinthu chimodzi, ndipo palibe kuzungulira kumene kungazimasule. Tinasamukira ku mankhwala olekana msanga ndi madzi. Otsuka amadandaula kuti sagwira mwamphamvu ngati akale, ndipo wina akabisa chigubu cha akalewo ndimadziwira pa botolo lomwe lija.

Chimene sichinathe mpaka lero ndi kabowo kotulukira oyilo. N'kakang'ono, pafupifupi mamilimita 2. Kakatsekeka makina salira, sazima, sanjenjemera. Oyilo amangosowa kolowera n'kutuluka limodzi ndi madzi, inu muli phee kuganiza kuti zonse zili bwino. Ulendo wina titamasula tinapezamo kaulusi ka chiguduli kokulungana ndi girizi ndi mchenga, kachinthu koti mungakabise pansi pa chikhadabo, koma kanali katayipitsa thanki yonse ya madzi oyera. Njira yokha yodziwira msanga ndi mageji atatu: lolowera, lotulukira madzi ndi lotulukira oyilo. Kusiyana kwa presha pakati pa polowera ndi potulukira oyilo kuyenera kukhala pafupifupi kawiri kusiyana kwa pakati pa polowera ndi potulukira madzi. Ogulitsa anaika geji limodzi lokha. Awiri enawo, sefa ya patsogolo pa pampu, ndi vavu yobwezera madzi chammbuyo kuti atsuke kabowoko, zonse tinawonjezera tokha. Pano mnyamata mmodzi amayang'ana mageji m'mawa uliwonse asanagwire payipi, ndipo vutoli lachepa, koma silinachoke. Mchenga womwewo ndi umene wadya rabala wa pampu.

Nditamvetsa kumene makinawa anachokera mtima unatsikako. Luso limeneli linakulira pa yunivesite ya Southampton ku Britain, pa kafukufuku wa Martin Thew ndi anzake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo linafala pa nsanja zokumbira mafuta panyanja. Kumeneko malo ndi ochepa, madzi amatuluka m'chitsime ali kale ndi presha, nthawi zambiri ali ofunda, ndipo mulibe ziguduli. Ife presha timachita kugula ndi magetsi, madzi athu ndi ozizira, odzaza matope. Madzi ozizira amalimbirako, timadontho n'kumayenda mochedwa, n'chifukwa chake m'nyengo yozizira zotsatira za ku labotale zimaipako ngakhale zonse zili m'malo. Ogulitsa ankakonda kutchula 15 ppm (magawo 15 a oyilo pa magawo miliyoni imodzi a madzi), malire a lamulo la MARPOL, loteteza nyanja kuti zisaipitsidwe, pa madzi otayidwa kuchokera m'zipinda za injini za sitima. Ife timayandikirako pa tsiku labwino lokha, madzi ali ofunda, sopo ali woyenera, kabowo kali kotseguka.

Pa ndalama, zili pawiri. Galimoto yopopa dzenje sitiyitananso kawirikawiri, madzi ambiri timawabwezera kotsukira, ndipo oyilo wotuluka akadikha m'thanki ogula oyilo wakale amamutenga. Mbali inayi, bilu ya magetsi inakwera, ndipo mukaphatikiza pampu wachiwiri, mageji, sefa, thanki yodikhitsira mchenga ndi marabala, mtengo umene tinauzidwa poyamba unali gawo chabe la nkhani. Chitsimikizo chawo chimakhudza chubu chokha, chinthu chimodzi chimene sichingawonongeke msanga. Masiku amene madzi akutuluka mbee ndimati ndinagula bwino. Masiku ngati ano ndimawerenga malisiti.

Chubu chotere ndikhoza kugulanso, koma kwa anthu omwewa ayi, pokhapokha atasintha kachitidwe. Posachedwa anabwera ndi kabuku kena, akuti tiwonjezere chipangizo chosonkhanitsa timadontho kuti tikule tisanalowe m'chubu. Mwina n'chothandizadi. Ndawauza kuti achibweretse achimange, chigwire ntchito mwezi wathunthu pa madzi athu omwewa, sopo ndi matope ali momwemo, botolo lipite ku labotale imene ndisankhe ine, ndipo ndilipira zotsatira zikabwera. Anati akafunsa kaye akuluakulu awo.